Nkhuku Ikayamba Kuwodzera

Chaka chimene ndinachoka kwathu sindichidziwanso. Chimene ndimakumbukira ndi mphepo yotentha, ija imalowetsa fumbi mpaka mumtsuko wovundikira, komanso kuti m'mudzi monse munalibe tambala wolira. Chitopa chinali chitasesa makola onse. Ukwati wanganso unali utatha monga umathera mchere m'chitini, osadziwa kuti ndi tsiku liti. Ine sindine munthu wokhala pakhonde n'kumalandira chisoni cha anthu, choncho ndinamanga katundu wanga.

Achemwali anga, a Dolika, anandiperekeza mpaka pamphambano. M'khwapa anali atapanira nkhuku imodzi yokha imene inapulumuka pakhomo pawo, thadzi la kameta, lija la khosi lopanda nthenga ngati alimeta pamaliro.

"Tenga," anatero. "Sindikukupatsa ayi, ndi chakhola. Ukaisunge, ikaswa tidzagawane. Zangazo udzabwere nazo wekha, usadzatume munthu."

"Nanga inu mutsala ndi chiyani, achemwali?"

"Nditsala ndi mtendere. Pakamwa pako ndi pa nkhukuyi n'chimodzimodzi."

Ndinaseka, iwo sanaseke. Ndinaika nkhukuyo m'dengu, n'kuitcha Kameta, ndipo ndinalumbira mumtima kuti ndidzabwerera ndi gulu loti anthu adzachite kutuluka m'nyumba kudzaona.

Kulikonse kumene ndinkafika ndinkachita chimodzimodzi. Ndinkatula dengu, kupereka moni, n'kufunsa ngati kuli nkhuku. Pamudzi woyamba, wa m'mbali mwa msewu wafumbi, anandiyankha kuti, "Zinalipo." Ndinakhala pomwepo ndikugwira maganyu m'madimba. Tambala mmodzi wopunduka anali atatsala kwinakwake, ndipo anagwira ntchito yake mosanyinyirika. Kameta anaswa, ana ake anaswanso, mpaka m'mawa ndinkadzutsidwa ndi phokoso la pakhomo panga. Ndinayamba kuluka madengu a ulendo wa kwathu.

Madengu asanathe, mphepo yotentha ija inabweranso. Nkhuku zinayamba kuima pamalo amodzi, mapiko ali lende, zikuwodzera masana ngati akuluakulu a mpingo pa ulaliki wautali. Anthu a pamudzipo ankadziwa chochita, chomwenso tinkachita kwathu: nkhuku ikayamba kuwodzera, mpeni. Ikafa yokha mwataya ndiwo. Masiku amenewo tinadya nyama mpaka nsagwada kuwawa, koma palibe amene ankaseka. Thadzi la achemwali linapita momwemo. Ndinatsala ndi msoti umodzi umene unkaikira mazira kutchire, ndipo ndinautchanso Kameta. Kubwerera kwathu ndi nkhuku imodzi, ine? Ndinasenza dengu n'kulowera kwina.

Patapita nthawi ndinapezeka m'tauni ina ya mabasi ambiri. Ndinatula dengu kuseri kwa msika n'kufunsa ngati kuli nkhuku, ndipo bambo wina wachisilamu, wa ndevu zoyera, anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Chemwali, kuno nkhuku zimabwera m'mawa, madzulo zili m'majumbo. Mumatha kusosola?"

Amenewo anali a Che Ajasi, amene ankazinga nkhuku za ogula. Iwo ankazinga, ine ndinkaviika m'madzi otentha n'kusosola. Anandiphunzitsa kuchotsa ndulu osaiphulitsa, ndi kuzindikira nkhuku yokalamba pongogwira fupa la pachifuwa. Anali munthu wosathamanga. Tsiku lina anandiitana, atasenda khungu la khosi la kamsoti, n'kundionetsa timibulu totuwa, tondandana mbali zonse ziwiri za khosi ngati nyemba m'khoko.

"Mwationa? Nkhuku ikakhala yaing'ono timakhala tonenepa. Ikakula timafota. Yodwaladwala kuyambira ili mwanapiye, mutipeza titauma kale."

"Ndi ta ntchito yanji?"

"Kaya. Ndafunsa anthu, ena amati ndi mafuta. Koma Mulungu saika chinthu pachabe, chemwali."

Ndinakhala nawo mvula zingapo. Kameta ankaswa kuseri kwa kachipinda kanga, koma m'tauni anapiye ali ndi adani ambiri, ena a mapiko, ena a miyendo inayi, ena ovala nsapato. Kenako msika uja anaugumula kuti amange wina, ndipo a Che Ajasi anati maondo awo atopa, akupita kwawo. Potsanzikana anandipatsa mandasi okulunga m'pepala, n'kuyang'ana m'dengumo kwa kanthawi.

"Ndazinga zambiri zimene ankabwera nazo zikuwodzera," anatero. "Mulungu andikhululukire, ndimaganiza kuti zina zikanadzuka."

Ndinawathokoza, ndipo mpaka pano ndimawathokoza. Amene anali m'dengu tsiku limenelo anali mdzukulu wa Kameta uja, koma dzina linali lomwelo.

Kenako kunali kaboma kakang'ono ka pakati pa mapiri, kokhala ndi chigayo chimodzi ndi maofesi opaka laimu. Kumeneko nditafunsa za nkhuku, anandilozera mayi wina wonenepa amene ankakankha njinga pachitunda akuimba nyimbo ya kwaya. Anali a Mai Chidothi, alangizi a ziweto. Pa keliyala anamangapo kadengu, m'kati muli kabotolo kokulunga m'nsalu yonyowa kuti kasatenthedwe. Ankafuna munthu wogwira nkhuku, ndipo manja anga anali atazolowera. Tinkayenda m'midzi mbandakucha, makola asanatsekulidwe. Ine ndinkagwira nkhuku n'kuipendeketsa mutu, iwo ankadontheza katemera wa chitopa m'diso, dontho limodzi, n'kudikira kuti iphethire.

Tsiku lina tikupuma pamthunzi ndinawauza za timibulu ta a Che Ajasi. Anaomba m'manja.

"Iwe, imeneyo ndi sukulu! M'menemo mumaphunzira asilikali a m'thupi, tizinthu tamoyo tosaoneka ndi maso. M'mabuku amati maselo a T. Aja amawawerenga kuchipatala, a CD4, ndi mtundu umodzi wa amenewa, ndipo nkhuku nayo ili nawo. Phunziro loyamba kumeneko ndi kusamenya m'bale. Wolephera phunziro limenelo satuluka wamoyo. Nkhuku ikakula sukulu imafota, chifukwa ophunzira ambiri anatuluka kale, ali pantchito."

"Ntchito yake yomenyana ndi matenda?"

"Eya, koma osati ntchito imodzi. Ena amalonda pazipata, m'matumbo ndi pakhungu, ndipo nkhuku ili nawo ambiri kuposa iwe ndi ine. Ena amaitana. Ena amapha. Ena ntchito yawo ndi kuleretsa."

"Nanga bwanji osangokhala mtundu umodzi wamphamvu, wochita zonse?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ukufunsa ngati munthu wokhala yekha," anatero.

Ndinakwiya pang'ono, koma iwo anali atatsegula kale chigubu cha thobwa. Anandiuzanso kuti dontho lija si mankhwala, ndi uthenga chabe, kachilombo kofooka koti asilikali akaone nkhope yake. Uthengawo uyenera kuyenda, oitana aitane, oitanidwa achulukane, ndipo zimenezo zimatenga ngati masabata awiri. Matenda akafika msonkhano uli pakati, nkhuku imadwala ndithu, koma ina imadzuka. Ndinamva ndi khutu limodzi, chifukwa nthawi imeneyo nkhuku zanga zinali zathanzi.

Kumeneko gulu linakula kuposa kale lonse. Ndinayambanso kuluka madengu. Koma mvula inakana, chimanga chinauma chisanamasule, ndipo nkhuku zanga zinapita kumsika imodzi imodzi n'kumabwerako zili ufa m'kathumba. Sindidandaula nazo, zinandisunga ndi zimenezo. A Mai Chidothi anawasamutsira kutali njala ili pakati. Anandikumbatira pamsewu mpaka dengu kutsala pang'ono kugwa, n'kukwera lole akupukuta maso ndi chitenje. Ndinatsalanso ndi Kameta mmodzi.

Zaka zotsatira zinayenda ngati utsi. Ndinadutsa midzi ya mpunga, midzi ya njerwa, midzi imene agalu ake ankandidziwa ngakhale ndinali ndisanapondeko. Imvi zinayamba. Sindinaiuze miyendo yanga kuti tiyeni kwathu, koma ndinaona kuti dzuwa layamba kutulukira kumbali imene linkatulukira ndili mtsikana.

Motero ndinafika pamudzi wa fodya, wa zigafa zambiri, nyengo ya mphepo yotentha. Ndinatula dengu pakhomo pa a Sandalamu ndi akazi awo a Nambewe, n'kufunsa ngati kuli nkhuku.

"Zilipo," anayankha a Nambewe, "koma kutsidya kwayamba."

Kameta wa nthawi imeneyo anali msoti wosayamba kuikira, womaliza mwa mbumba yonse. Mayi wake anali atatengedwa ndi vumbwe. Wa katemera anadutsa pamudzipo mochedwa, ndipo ndinathamanga naye msotiwo kukalandira dontho lake. Koma chitopa sichidikira msonkhano. Sabata itangodutsa pang'ono, nkhuku za m'mudzimo zinayamba kuwodzera, zina kupotoka makosi, ndipo pamiyala yonolera panayamba kumveka phokoso limene ndinkalidziwa. M'mawa wina ndinapeza Kameta ataima pakona, nthenga zili nyankhalala, diso limodzi lotseka.

A Sandalamu anabwera ndi mpeni m'manja. Sanali munthu woipa. Anali atandipatsa malo ogona ndi chakudya osafunsa kuti ndichoka liti.

"Mayi, bweretsani tithandizane. Ikafa yokha tingoitaya."

"Imeneyi ayi, bambo. Si yanga."

"Nanga mwini wake akufuna mtembo? Ndiponso ipatsira zanga zimene zatsalazi."

"Inalandira katemera. Ipatseni masiku."

"Zanga zinalandiranso, ziwiri zafa dzulo. Katemera wanuyo ndi madzi."

Ndinangokhala pansi n'kufungatira dengu. M'maganizo ndinaona achemwali ataima pamphambano paja, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinachita mantha enieni, kuti mwina ndidzafika kwathu chimanjamanja, kapena sindidzafikako n'komwe chifukwa cha manyazi. A Nambewe, amene ankapeta chapatali, anaika lichero pansi.

"Abambo, basi. Mwapha zokwana. Mphika wadzaza, mchere watha. Mayiwa apite nayo kuchigafa chakale chija, kutali ndi zathu. Ikafa, afotsere komweko."

A Sandalamu anang'ung'udza kuti akazi akagwirizana ngakhale mfuti siilira, koma mpeni anaupisa m'thumba. Anati mawa lake abwera kudzaona, ndipo ikadzapotoka khosi sadzafunsanso munthu. Ndinavomera, chifukwa pamenepo ankanena zoona.

Chigafacho chinali kumapeto kwa munda, denga lake theka. Ndinkamudonthezera Kameta madzi kukamwa ndi udzu, n'kumupatsa phala la gaga lozizira, limene ankalikana. A Nambewe ankanditulira chakudya pachitsa chapatali n'kubwerera, kuti asatengere matenda kukhola ndi mapazi. A Sandalamu ankabwera m'mawa uliwonse, n'kuima kunja, n'kufunsa kuti, "Lapotoka?" Ndinkayankha kuti ayi. Ankachoka akukanda m'mutu, kukapha ndi kukwirira zimene zinali zitapotoka kwa anansi, chifukwa eni ake ena ankalephera kuzipha okha.

Masana ena, dzuwa lili paliwombo, nanenso ndinayamba kuwodzera, mutu utatsamira dengu. Ndinaona diso la Kameta likukula mpaka kukhala ngati chitsime, ndipo ndinalowamo osanyowa.

Ndinatsikira m'khosi. M'mbali mwa njira munali nyumba zazitali zondandana, m'kati mukumveka mawu a ophunzira ochepa, zipinda zina zotseka. Ndinapitirira mpaka pachipata china chopumira mphepo. Pamenepo panali alonda ambirimbiri, opanda nsapato, otopa, ena atagona chagada. Sanandifunse dzina. Mmodzi anati iwo sadikira kuuzidwa, akaona chachilendo amayamba, koma akhala akugwira chipatacho kuyambira tsiku loyamba ndipo mikono yatha. Anandilozera njira ya kukapamba.

Kapamba anali bwalo lofiira, lodzaza ngati msika wa Loweruka. Wamthenga wina analowa akuthamanga, atanyamula kachigamba kong'ambidwa pa chovala cha mdani, n'kumakaonetsa kwa aliyense. Ambiri ankapukusa mutu. Kenako mayi wina wamfupi, wopanda chida chilichonse, anakagwira kachigambako n'kunena kuti, "Ameneyu ndamuonapo. Anabwera masiku apitawa, ali wofooka, kudzera kudiso." Anaimirira pachulu n'kukuwa, ndipo pomwe ankakuwa ankasanduka awiri, awiriwo anayi, onse a mawu amodzi.

M'mphepete mwa bwalo munali anyamata a zikwanje. Ndinadabwa kuwaona atangokhala, mdani ali m'mudzi.

"Bwanji simukupita?" ndinafunsa.

"Nkhope yake taiona," anayankha mmodzi, "koma popanda mayiwa kutilimbitsa, tikapita tikathera panjira."

Mawu a mayi uja atawafika, anadzambatuka. Ndinawatsatira. Mdani sankayenda pabwalo, ankalowa m'nyumba za anthu n'kumaswana m'menemo. Koma nyumba iliyonse imene analowamo inkapachika kachigamba pakhomo, ngati kunena kuti, ndili naye muno, musandisiye. Anyamatawo ankagwetsa nyumba zokhazo, n'kulumpha zoyandikana nazo. Ndinamva chisoni ndi nyumba zodzipereka zokhazo. Kumbali ina kunali amisiri amene anaphunzira kusukulu ina, ya kufupi ndi kumchira. Anali ndi ulimbo wokola mdani akatuluka panja, koma nawonso ankadikira mayi uja. Atawagwira paphewa, anayamba kuphika ulimbo m'miphika yosawerengeka.

Kutentha kunali koopsa. Anyamata ena magazi anali atawalowa m'maso, ayamba kuyang'ana nyumba zopanda chigamba. Pambuyo pawo pankayenda nkhalamba yowonda, yosakweza mawu. Inkangofika n'kugwira chikwanje chakumsonga, n'kunena kuti, "Apa ayi. Tidzagona kuti?" Ndipo chikwanje chinkatsika.

Ndinabwerera kwa mayi wa pachulu uja. Mawu anali atasasa.

"Ndithandize chiyani?" ndinafunsa, chifukwa manja anga sazolowera kukhala.

"Inu? Palibe chimene mungachite muno. Tipatseni madzi, ndipo mutipatse nthawi. Uthenga unafika mochedwa, tikuchita kuphunzira tikumenya." Kenako anawonjezera kuti, "Ndipo kawauzeni akunjawo aleke kunola mpeni. Tikumva."

Ndinadzidzimuka thukuta lili kamukamu. Kameta anali chiimire pomwe paja, osasintha kanthu. Ndinamudonthezera madzi. A Sandalamu atabwera m'mawa mwake ndinawauza kuti asamanolere mpeni pafupi, ndipo anandiyang'ana ngati ndasuta chamba, koma anasiya.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sindikudziwa kuti panapita masiku angati. Ndikudziwa kuti m'mawa wina ndinamva kugogoda, ndipo nditayang'ana ndinapeza Kameta akujompha chiswe pamzati wa chigafa, maso onse ali tong'o. Anali atawonda ngati chisa cha mbalame, koma khosi linali chilili. A Sandalamu anafika n'kufunsa funso lawo lija, ndipo ndinangowalozera. Anavula chipewa. Kenako anapita, ndipo ndinamva kuti tsiku limenelo anakana kupha nkhuku ziwiri za mlamu wawo, n'kuzitsekera m'nkhokwe yopanda chimanga. Imodzi inafa, ina inadzuka.

Ndinakhalabe kuchigafako mpaka mvula yoyamba itagwa ndi matenda atazilala, kuopa kunyamula tsoka kupita nalo kwathu. Dengu lakale ndinalitentha, a Nambewe anandipatsa lawo. Ndinagwada powathokoza, iwo n'kundidzutsa msanga, amvekere ndiwachititsa manyazi. Za gulu la nkhuku sindinaganizenso. Ndinali nditatsala pang'ono kutaya ngakhale imodziyo, ndipo sindinafune kuyesanso Mulungu.

Kwathu kunali kutasintha. Mitengo ina inali itadulidwa, ana amene ndinawasiya ali kumbuyo anali ndi ana awo. Ndinafunsa njira ya kwa a Dolika mtima uli m'mwamba, kuopa kuti andilozera kumanda. Anandilozera kanyumba ka malata awiri atatu, ndipo pakhonde panali mayi wokalamba akusenda chinangwa. Ndinatula dengu.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mpeni wa chinangwa uli m'manja. Kenako anayang'ana m'dengu.

"Zaka zonsezi, imodzi?"

"Imodzi, achemwali."

"Yowonda chonchi? Unkaidyetsa nkhani?"

Ndinayamba kufotokoza za chitopa, za njala, za msika wogumulidwa, koma misozi inanditsekereza, ndipo iwo anandikokera pachifuwa pawo, chinangwa n'kugubuduzika pansi. Tinalira mpaka anansi anatuluka m'nyumba kudzaona. Kameta anadumpha m'dengu n'kuyamba kupalasa pansi pa mpando ngati kwawo.

Titatonthola, a Dolika anamina m'chitenje n'kunena kuti, "Nkhuku imodzi sitingagawane. Ndipo ine khola ndilibe, linagwa kalekale. Ukhala mpaka ulimange, ikaswa tidzaona."

Ndinadula mitengo sabata yomweyo. Kameta anaswa, ana ake aswanso, ndipo wa katemera akamadutsa ndimakhala woyamba pamzere. Zonse zimagona m'khitchini, chifukwa kholalo likadalibe chitseko. Ndimati ndilimaliza mawa. Achemwali amadutsa pomwepo tsiku lililonse popita kudimba, ndipo sanandifunsepo.